Mafunso a Owerenga: Kujambula Masitepe pa Galafu Popanda Kusokoneza Pamene Ayambira

Mwezi uno makalata asanu ochokera ku Chigwa cha Shire akhudza nkhani imodzi, choncho ndawaika pamodzi. Kalata yoyamba ndiyiyankha motalikirapo chifukwa enawo atsamira pa iyo.

Funso: Ndine mtsikana wa ku Nchalo ndipo ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a uinjiniya wa zamagetsi ku Blantyre. Panopa ndili kunyumba pa tchuthi, koma tinapatsidwa ntchito yojambula galafu ya x[n] = u[n+2] + 2u[n−1] − 4u[n−4] + u[n−6]. Ndikudziwa kuti u[n] ndi unit step, koma ndikaona masitepe anayi pamodzi mutu umaima. Ndayesa katatu, ndipo ulendo uliwonse ndikupeza chithunzi chosiyana ndi choyamba. Kodi pali njira yoti ndisamasokoneze?
*Wophunzira, Nchalo*

Yankho: Achemwali, njira ilipo, koma tisanafike pa masitepewo tiyeni tigwirizane kaye za chilembo n, chifukwa ambiri amasochera pa chilembo chimenechi asanayambe n'komwe kuwerengera. Signal ndi chinthu choyezedwa chimene chimasintha ndi nthawi. Mu signal ya mtundu uwu, imene mabuku anu amaitchula kuti discrete-time signal, n ndi nambala yathunthu basi: −2, −1, 0, 1, 2, ndi kupitirira apo. Palibe n wa 1.5 kapena wa 2.7, ndipo n'chifukwa chake olemba mabuku amagwiritsa ntchito mabulaketi a ngodya polemba x[n], kuti muisiyanitse ndi signal ya nthawi yoyenda mosaduka. Ganizirani za munthu amene amawerenga thabwa loyezera madzi a mumtsinje wa Shire ku Chiromo. Iye amapita m'mawa uliwonse, amaona pamene madzi afika, n'kulemba nambala imodzi m'kaundula. Mtsinje suleka kuyenda masana ndi usiku, koma m'kaundulamo muli nambala imodzi pa tsiku, ndipo pakati pa nambala ya Lolemba ndi ya Lachiwiri simunalembedwe ziro ayi, simunalembedwe chilichonse.

Unit step, imene kuyambira pano ndiziitchula kuti sitepe, ndi yosavuta kuposa signal ina iliyonse: u[n] ndi 0 pamene n ili kumunsi kwa ziro, ndipo ndi 1 kuyambira pa n = 0 mpaka kalekale. Onetsetsani kuti pa n = 0 penipenipo mtengo wake ndi 1, chifukwa kadontho kamodzi kameneka kadzatibwereranso m'makalata enawa. Mudzaipezanso ikutchulidwa ndi dzina la Heaviside, kutengera Oliver Heaviside, Mngelezi amene anabadwira ku London mu 1850 n'kumwalira mu 1925. Munthuyu anagwirapo ntchito ya telegalafu ndipo masamu ake ambiri anadziphunzitsa yekha, pofuna kumvetsa zimene zimachitika m'waya magetsi akayatsidwa mwadzidzidzi.

Tsono za kusuntha. Anthu ambiri amaloweza kuti chizindikiro chochotsera chimakankhira sitepe kumanja ndipo chowonkhetsa chimaikokera kumanzere, ndipo zimenezo n'zoona, koma chinthu choloweza chimathawa tsiku la mayeso. Ine ndimakonda funso limodzi: kodi n akhale chiyani kuti za m'bulaketimo zikhale ziro? Mu u[n−4] yankho ndi n = 4, choncho sitepeyo iyambira pa 4. Mu u[n+2] yankho ndi n = −2, choncho iyambira pa −2, kumanzere kwa ziro. Ngati mtima ukukanabe kuti kuchotsera kungapititse chinthu kutsogolo, kumbukirani madzi amene amatulutsidwa pa baraji ya ku Liwonde. Tiyerekeze kuti amatenga masiku awiri kuti afike pa mlatho wa Chikwawa. Ndiye kuti zimene mukuona ku Chikwawa pa tsiku n ndi zimene zinachitika ku Liwonde pa tsiku n−2. Kuchotsera m'bulaketi n'kuchedwa, ndipo chochedwa chimaonekera kumanja pa galafu.

Pamene inu mukusokonezera, ndikuganiza, ndi poyesa kuona masitepe anayiwo ngati zithunzi zinayi zoti musanjikize. Lekani kuwaona choncho. Sitepe iliyonse muione ngati kusintha kumodzi kumene kumachitika pa tsiku lake n'kukhalabe mpaka kusintha kwina kutabwera, monga momwe zimakhalira m'buku la banki mkhonde. Mayi akasunga ndalama lero, ndalamayo sikhala ya lero lokha. Imakhalabe m'buku mawa ndi mkuja mpaka atadzatapa. Choncho werengani funso lanu ngati buku la mayi mmodzi, n'kutenga 1 ngati K1,000. Pa tsiku −2 wasunga 1, ndiye ali ndi 1. Pa tsiku 1 wasunganso 2, ndiye ali ndi 3. Pa tsiku 4 watapa 4, kutanthauza kuti watenga zake zonse n'kubwerekanso 1, ndiye ali pa −1, imene ndi ngongole. Pa tsiku 6 wabweza 1, ndipo buku lake labwerera pa ziro. Masiku onse a pakati palibe chimene chasintha, choncho nambala ya dzulo ndi imene mulembenso lero.

Musanagwire rula, lembani mizere iwiri iyi, kuyambira masiku awiri sitepe yoyamba isanafike mpaka kupitirira pang'ono yomaliza:

n: −4, −3, −2, −1, 0, 1, 2, 3, 4, 5, 6, 7
x[n]: 0, 0, 1, 1, 1, 3, 3, 3, −1, −1, 0, 0

Kujambula kwake tsopano ndi ntchito ya manja chabe. Jambulani mzere wogona, muikepo manambala a n motalikirana mofanana, ndipo pa nambala iliyonse muimike kamzere kowongoka kofika pa mtengo wa x[n], kokhala ndi kadontho kumutu kwake ngati phesi la mapira ndi ngala yake. Pa −2, −1 ndi 0 mapesi ndi aafupi, ofika pa 1. Pa 1, 2 ndi 3 ndi aatali, ofika pa 3. Pa 4 ndi 5 aloza pansi kufika pa −1. Pamene mtengo uli ziro musasiye popanda kanthu, koma ikani kadontho pa mzere wogonawo, kuti wochonga adziwe kuti ziroyo mwachita kuipeza. Ndipo musalumikize timadonthoto ndi mzere. Mukatilumikiza mukunena kuti pakati pa n = 0 ndi n = 1 signal inadutsa pa 2, pamene pakatipo palibe n aliyense.

Pali njira yachidule yodziyesera nokha. Wonkhetsani manambala a kutsogolo kwa masitepe onse: 1 + 2 − 4 + 1 = 0. Akakwana ziro chonchi, signal iyenera kubwerera pansi ikadutsa sitepe yomaliza. Akanakwana 2, mapesi anu akanapitirira pa msinkhu wa 2 osatha, ndipo mukanaika timadontho titatu kumapeto kwa galafu posonyeza kuti sizinathere pomwepo. Njira yomweyi imagwiranso mobwerera, mphunzitsi akakupatsani chithunzi n'kufuna kuti mulembe masitepe ake: yendani kuchokera kumanzere, ndipo paliponse pamene msinkhu wasintha lembani sitepe yoyambira pa n ameneyo, kutsogolo kwake muike kukula kwa kusinthako. Kuchoka pa 3 kufika pa −1 n'kutsika ndi 4, osati ndi 1 kapena 2, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya malikisi.

Funso: Ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina kuno ku Ngabu, ndipo ndikuwonjezera maphunziro anga. Ine ndi mnzanga tatsutsana pa x[n] = u[n] − u[n−5]. Iye akuti mapesi ake ndi asanu ndi limodzi, kuyambira 0 mpaka 5, chifukwa nambala 5 yalembedwa poyera. Ine ndikuti ndi asanu. Tiweruzeni.
*Mphunzitsi, Ngabu*

Yankho: Aphunzitsi, mlandu wakukomerani inu, koma mnzanuyo musamuseke, chifukwa cholakwa chake n'chimene chimapezeka kwambiri pa phunziro lonseli. Pa n = 5, u[n] ndi 1, ndipo u[n−5] ndi u[0], imenenso ndi 1; mukachotsera mupeza ziro. Sitepe yachiwiri imayamba kugwira ntchito pa 5 penipenipo, sidikira 6. Mapesi otsala ali pa 0, 1, 2, 3 ndi 4.

Mufotokozereni ndi nkhani ya ganyu. Mwini munda wa thonje walemba munthu ntchito yotola kuyambira Lolemba, limene tilitche tsiku 0, n'kumuuza kuti kuyambira Loweruka, limene ndi tsiku 5, asadzabwerenso. Munthuyo agwira Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu, ndipo akadzafuna malipiro a masiku asanu ndi limodzi mwini mundayo sadzavomera. Nambala ya m'sitepe yochotserayo si tsiku lomaliza kugwira ntchito ayi, koma ndi tsiku loyamba kusagwira. Mwachidule, u[n−a] − u[n−b] ili ndi mapesi kuyambira pa a mpaka pa b−1, ndipo chiwerengero chake ndi b − a. Yesani ndi u[n+2] − u[n−3]: mapesi ali pa −2, −1, 0, 1 ndi 2, asanu ndithu, ndipo 3 − (−2) ndi 5.

Ndikuganiza kuti mnzanuyo anazolowera signal za nthawi yosaduka, kumene bokosi loyambira pa 0 kukafika pa 5 limajambulidwa ndi khoma lake pa 5, ndipo kadontho kamodzi ka pakhomapo sikasintha kanthu pa kukula kwa bokosilo. Kuno kadontho kamodzi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a signal yonse, choncho sikoti n'kungokanyalanyaza. Umboni wina ndi uwu: u[n] − u[n−1] imasiya phesi limodzi lokha pa n = 0, ndipo phesi limenelo ndi limene mabuku amalitcha unit impulse, lolembedwa δ[n]. Maganizo a mnzanuwo akanakhala olondola, impulse ikanakhala ndi mapesi awiri, ndipo theka la buku lanu likanagwa.

Funso: Nanga u[3−n] ndi u[2n−3] ndizijambula bwanji? Lamulo la kumanja ndi kumanzere likundikana.
*Mnyamata wa ku Tengani, Nsanje*

Yankho: Achimwene, likukukanani chifukwa lamulo limenelo linapangidwira masitepe amene n waima yekha ndi chizindikiro chowonkhetsa. Bwererani ku tanthauzo lenileni: sitepe ndi 1 pamene za m'bulaketi zili ziro kapena kuposerapo. Pa u[3−n] tifuna kuti 3 − n ikhale ziro kapena kuposerapo, ndipo zimenezi zimachitika n akakhala 3, 2, 1, 0 ndi onse a kumanzere. Choncho sitepeyi yayang'ana kumbuyo: mapesi ake achokera kutali kumanzere n'kudzathera pa 3, ndipo 3 yemweyo ali ndi phesi. Mukakayika, yesani nambala imodzi mbali iliyonse. Pa n = 4 mupeza u[−1], imene ndi 0; pa n = 2 mupeza u[1], imene ndi 1.

Pa u[2n−3], za m'bulaketi zikanakhala ziro pa n = 1.5, koma n wotero kulibe, choncho phesi loyamba lili pa nambala yathunthu yotsatira, imene ndi 2. Onaninso kuti mukachulukitsa u[n] ndi u[4−n] mupeza mapesi pa 0 mpaka 4, ofanana ndendende ndi a u[n] − u[n−5] amene aphunzitsi a ku Ngabu amatsutsirana. M'njira yochulukitsayi nambala yolembedwa ndi ya phesi lomaliza, pamene m'njira yochotsera ndi ya malo oyamba opanda phesi, ndipo wophunzira wosamala amaona kaye njira imene wapatsidwa asanayambe kuwerenga mapesi.

Funso: Ndili ndi laputopu imene ndimatchaja ndi sola, ndipo ndikudziphunzitsa mapulogalamu a pa kompyuta a MATLAB ndi Python. Ndinayesa kujambula masitepe koma chithunzi chikutuluka chokhala ndi mizere yopendekeka ngati denga la nyumba, ndipo nthawi zina pamene sitepe yayambira pakuoneka theka m'malo mwa 1. Komanso manambala a pansi sakugwirizana ndi a m'buku. Kodi kompyuta yanga ili ndi vuto?
*Wodziphunzitsa, Bangula*

Yankho: Achimwene, kompyuta yanu ili bwino, ikuchita zimene mwaiuza. Mavuto anu ndi atatu ndipo lililonse lili ndi gwero lake.

Mizere yopendekeka ikubwera chifukwa mwagwiritsa ntchito lamulo la plot, limene ntchito yake ndi kulumikiza madontho. Lamulo loimika mapesi ndi stem, ndipo lilipo mu MATLAB, mu GNU Octave, ndiponso mu matplotlib ya Python. Ndatchula Octave dala, chifukwa ndi yaulere ndipo malamulo ang'onoang'ono ngati awa imawamva mofanana ndi MATLAB, choncho munthu wa ku Bangula sayenera kulipira laisensi kuti aphunzire masitepe. Signal ya achemwali a ku Nchalo ija mungaijambule ndi mizere itatu iyi:

n = -4:7;
x = (n>=-2) + 2*(n>=1) - 4*(n>=4) + (n>=6);
stem(n, x)

Chimene chikuchitika apa n'chakuti funso lililonse la m'bulaketi, monga lakuti kodi n wafika pa 4, kompyuta imaliyankha ndi 1 kapena 0 pa n aliyense, ndipo imeneyo ndiyo sitepe yathu popanda chowonjezera. Ndi funso lomwe lija ndinauza achemwali kuti azidzifunsa, kungoti tsopano ikufunsa ndi makina.

Theka limene mukuliona likuchokera ku lamulo la heaviside. Mu MATLAB lamulo limeneli, mukapanda kulisintha, limapereka 0.5 pa ziro penipeni, chifukwa linakonzedwa poganizira signal za nthawi yosaduka, kumene akatswiri ambiri amaika kadonthoko pakati pa pansi ndi pamwamba. Pa ntchito yathu thekalo ndi lolakwika, ndipo limawononga phesi loyamba la sitepe iliyonse. Mu numpy, chida cha Python chowerengera manambala, lamulo la dzina lomweli limafuna kuti inu mutchule mtengo wa pa ziro ngati nambala yachiwiri, choncho muzilemba 1 pamenepo. Ine ndimangolipewa n'kugwiritsa ntchito kuyerekeza kwa m'mabulaketi a mizere itatu ija, chifukwa palibe chobisika.

Za manambala a pansi, vuto ndi lakuti mwina munalemba stem(x) popanda kupereka n. Mukatero MATLAB ndi Octave zimayamba kuwerenga pa 1, pamene Python imayamba pa 0, ndipo palibe imene ingadziwe yokha kuti phesi lanu loyamba linali la n = −4. Malo a nambala mumndandanda wa kompyuta si n wa m'buku. N muyenera kumupanga nokha n'kumupereka pamodzi ndi x. Mu Python samalaninso ziwiri izi. Lamulo la arange silifika pa nambala yomaliza, choncho kuti mufike pa 7 mulembe np.arange(-4, 8). Komanso numpy imasunga mayankho a kuyerekeza ngati zoona ndi zabodza: mukachotsera awiri otero imakana n'kulemba uthenga wa cholakwika, ndipo mukawonkhetsa awiri otero pamene onse ali oona imakupatsani choona chimodzi, osati 2. Chulukitsani lililonse ndi 1 musanawaphatikize ndipo zitheka. Langizo langa n'lakuti tebulo la mizere iwiri lija muzililemba kaye pa pepala, kenako n'kuyerekeza ndi zimene zatuluka pa sikirini, chifukwa galafu yolakwika imaoneka yokongola mofanana ndi yolondola.

Funso: Ine ndine mlimi, sukulu ndinalekezera patali. Mwana wanga wamwamuna amene ndikumulipirira ku koleji wabwera ndi makope odzaza ndi timizere tokhala ndi mitu ngati machesi. Ndikamufunsa akuti ndi masitepe. Ife kuno vuto lathu ndi madzi osefukira ndi magetsi. Kodi zojambula zimenezi zili ndi phindu lanji kwa munthu wokhala m'mbali mwa Ruo?
*Bambo wa ku Makhanga*

Yankho: Bambo, funso lanu ndi loyenera, ndipo ndiyesa kuliyankha ndi zinthu za kwanu komweko. Timachesi timene mwaona ndi njira yolembera chinthu chimene chimayezedwa nthawi ndi nthawi, monga msinkhu wa madzi m'mawa uliwonse kapena mphamvu ya magetsi ola lililonse, ndipo sitepe ndi njira yolembera kusintha kwadzidzidzi kumene kumakhalitsa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira ku Chikwawa, dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 nthawi imodzi, ndipo mphamvuyo sinabwerere mpaka chaka cha 2023. Injiniya akafuna kulemba nkhani imeneyi m'masamu amaika sitepe yotsika pa tsiku limene makina anaima, ndi masitepe okwera pa masiku amene makinawo anayambanso kuzungulira. Pampu yothirira ikayatsidwa m'munda wa nzimbe ku Nchalo, imeneyonso ndi sitepe pa mawaya amene akuidyetsa.

Koma phindu lenileni lili pa funso lotsatira: chinthu chikasintha mwadzidzidzi chonchi, kodi makina athu oyezera amachita chiyani? Ndipereke chitsanzo chongoyerekeza. Kachipangizo koyeza madzi mumtsinje kamanjenjemera ndi mafunde ndi zinyalala, choncho okonza amakonda kukauza kuti kasamanene nambala imodzi yokha, koma kaziwonkhetsa miyeso itatu yomaliza n'kugawa ndi 3. Miyeso itatu imeneyo, m'chilankhulo cha mwana wanu, ndi u[n] − u[n−3], mapesi atatu. Tsono tinene kuti madzi akwera mwadzidzidzi ndi masentimita 90 n'kukhala pomwepo. Pa muyeso woyamba kachipangizoko kali ndi nambala ziwiri zakale ndi imodzi yatsopano, choncho kanena kuti madzi akwera ndi 30 okha. Pa wachiwiri kanena 60, ndipo pa wachitatu m'pamene kanene 90. Mwana wanu akajambula zimenezi mudzaona timachesi titatu tokwera ngati makwerero, ndipo makwererowo akukuuzani kuti chipangizocho chimachedwa ndi miyeso iwiri kunena zoona zonse.

Ngati kamayeza mphindi iliyonse, kuchedwa kwa mphindi ziwiri si kanthu. Ngati kamayeza kamodzi pa tsiku, ndi masiku awiri, ndipo inu a ku Makhanga mukudziwa bwino kuposa ine kuti Ruo, amene amatsika kuchokera ku phiri la Mulanje n'kudzathira mu Shire ku Chiromo, sadikira masiku awiri. Munaziona mu Januwale 2015, munazionanso mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy. Wokonza chipangizo akachulukitsa miyeso, tinene kufika pa khumi, nambala yake imakhala yodekha kwambiri koma makwerero amatalika, ndipo chenjezo limachedwa ndi miyeso isanu ndi inayi. Akaichepetsa, chenjezo limafulumira koma chipangizocho chimayamba kukuwa ndi chipika chilichonse chodutsa, mpaka anthu amaleka kuchikhulupirira. Kusankha pakati pa ziwirizi ndi ntchito ya injiniya, ndipo chida choyamba chimene amayesera n'kulowetsa sitepe m'makina ake, pa pepala kapena pa kompyuta, n'kuona mmene mapesi otuluka akukwerera.

Foni imene muli nayo m'thumba imachitanso zofananazo, kungoti mofulumira kwambiri. Pa lamya wamba mawu a munthu amayezedwa maulendo 8,000 pa sekondi imodzi, ndipo nyimbo za pa CD zimayezedwa maulendo 44,100, ndiye muyeso uliwonse ndi phesi limodzi ngati a m'kope aja. Mwana wanu wayambira pa mapesi ochepa chifukwa amenewo angathe kuwawerenga ndi chala n'kuona pamene walakwitsa. Madzulo ano mupempheni atsegule kopelo, mumuuze kuti madzi akwera ndi masentimita 120 ndipo chipangizo chikugawa miyeso inayi, kenako akujambulireni. Akajambula bwino mudzaona timachesi tinayi pa 30, 60, 90 ndi 120, ndipo koyamba kayenera kuima pa tsiku lomwe madziwo anakwera, osati tsiku lotsatira.